Anandiikira Giya ya Phazi Kumwendo Wopuwala

Makaniko wina wa ku Biwi anandiwonongera njinga yamoto kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wanga akwatiwe, ndipo ine mwini wake ndinamuthandiza kuiwononga. Mbali yachiwiriyi ndi imene imandiwawa mpaka lero.

Ndine telala wa ku Kawale. Mwendo wanga wakumanzere unapuwala ndi poliyo ndili mwana kwathu ku Rumphi. Umangolendewera. Moyo wanga wonse ndinkayenda ndi ndodo, ndipo ulendo ukatalika ndinkanyamulidwa pa kaliyala ya njinga ya munthu, kapena kukwezedwa pa matola anthu atandigwira m'khwapa. Ndinkadana nazo zimenezo. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nditamva kuti kampani ina ya fodya ku Kanengo ikugulitsa katundu wake wakale, ndinagulitsa makina anga amodzi osokera n'kukagula njinga yamoto ya matayala atatu. Inali yotopa ndithu, koma ngati anapangira ine. Inalibe kilachi, ndipo giya yake sinali yoponda ndi phazi. Pa handulo panali mabatani awiri. Ukadina lam'mwamba giya ikukwera, ukadina lam'munsi ikutsika. Chala chachikulu basi. Ndinayamba kupita ngakhale kumaliro a anthu osawadziwa, kungofuna ulendo.

Mwana wanga woyamba, Tiwonge, ankakwatiwa Loweruka ku Area 25. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati atandifunsa kuti ndidzakwera galimoto iti, ndinanena pamaso pa akuchimuna onse kuti ine za kukwezedwa ndinasiya, ndidzafika ndekha. Anandiwombera m'manja. Ine n'kumva kukoma.

Lachitatu madzulo giya inakakamira pa wani. Ndidine batani lam'mwamba, zii. Lam'munsi, zii. Kanyali kobiriwira ka pa handulo kankangophethira. Injini inkalira ngati chigayo, koma amayi osenza nkhuni ankandipitirira n'kundipatsa moni bwinobwino.

Lachinayi 8 koloko m'mawa ndinafika pa galaja ina ya pansi pa mtengo ku Biwi. Mwini wake anthu ankangomutchula kuti a Injiniya. Anaizungulira njinga katatu, n'kudinadina mabatani aja. Ndinawafunsa ngati anakonzapo njinga ya giya yamagetsi. Anaseka.

"Abambo, ine ndakonzapo thirakitala. Aka n'kachidole."

Tsopano mumve uchitsiru wanga. Nthawi yonse imene tinkalankhula sindinatsike pa njinga. Ndodo ndinali nditaibisa pansi pa thumba m'bokosi lakumbuyo. Buluku linali losoka ndekha, lalikulu miyendo kuti mwendo woondawo usaoneke. Munthu wamkulu, wokwatitsa mwana, kuchita manyazi ndi makaniko wamafuta mpaka m'makutu! Ndinkafuna andione ngati bwana wa njinga yachilendo, osati wolumala uja wa ku Kawale. Ndinangowauza kuti achite chilichonse, bola Loweruka iyende. Atapita kuseri kukasaka sipanala, ndinatsika msangamsanga, ndinasolola ndodo, n'kukabisala kuseri kwa minibasi yakufa. Ndinatsanzika ndili komweko, mofuula.

Anandiuza kuti ndibwere Lachisanu 10 koloko. Ndinafika 10 koloko. A Injiniya kulibe, njinga kulibe. Mayi wina wogulitsa tiyi pafupi anandiuza kuti apita nayo kukawotcheretsa chitsulo. Kuwotcheretsa chitsulo? Pa vuto la batani? Munthu wanzeru akanadumpha pomwepo. Ine ndinagula tiyi n'kukhala pa tayala.

12 koloko inakwana. 2 koloko inadutsa. Kunyumba anthu akuphika, akusita, akufunsa kuti bambo a mkwatibwi ali kuti, ine ndili pa tayala ku Biwi kuwerenga magalimoto akufa. Hafu pasiti folo ndinamva kulira kwa injini yanga. A Injiniya anatulukira pakona ali pa liwiro, giya ikulowa bwinobwino, wani, thuu, firii. Ndinawomba m'manja. Ndinaiwala manyazi onse, ndinatenga ndodo n'kuimirira.

Anazimitsa injini. Iwo anayang'ana ndodo yanga. Ine ndinayang'ana njinga.

Mabatani kunalibe. Pamalo pake panali tepi yakuda. Mawaya onse anali atadulidwa. Ndipo m'munsi, mbali yakumanzere, mbali ya mwendo wakufa, anali atawotcherera chitsulo chachitali choponda ndi phazi, chopakidwa penti yofiira kuti chikongole.

Mayi wa tiyi uja anasiya kutsuka makapu.

"Abambo, simunanene," anatero a Injiniya.

"Inu simunafunse!"

"Ndiye ndizifunsa kasitomala aliyense kuti ali ndi miyendo ingati?"

Ndinangowauza kuti abwezeretse zonse mmene zinalili. Anati zamagetsi n'zabodza, zimakutaya panjira, iwo andipangira chinthu chokhalitsa choti ngakhale zidzukulu zidzachipeza. Nanga kamota kaja kamene kankasuntha giya ukadina batani? Anakanda m'mutu. Akuti anakamanga pa waipa ya minibasi ya kasitomala wina, ndipo minibasiyo inali itanyamuka kale kupita ku Mchinji. Ndinati ndiye asamutsire chitsulocho kumanja. Anati kumanja kuli buleki, kapena ndikufuna ndiziyenda osaima? Kenako anatchula mtengo wa ntchito yawo yabwinoyo, K450. Mukuganiza kuti ndinakana? Ndinapereka. Ndinathokozanso.

Ndinabwerera ku Kawale pa giya wani, mmene ndinapitira.

Pakhomo ndinayesa nzeru zonse dzuwa lisanalowe. Ndinayesa kuponda chitsulocho ndi ndodo, njinga inakalowa mu mpanda wa aneba. Ndinamanga chingwe kuti ndizikoka ndi dzanja, giya inalowa n'kukana kutuluka. Mkazi wanga, NyaGondwe, anali ataima pakhonde manja ali ndi ufa, akungondiyang'ana. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka.

"A Mhango, mawa mukwere lole pamodzi ndi a kwaya," anatero.

Ndinati bola ndisapite.

Anapukuta manja pa chitenje, anatsika pakhonde n'kundiuza kuti ndisunthire kutsogolo. Anakhala pa bokosi kumbuyo kwanga, anatambasula mwendo wawo wakumanzere pansi pa wanga. Phazi linafika pachitsulo ndendende.

"Muzinena nthawi yoponda," anatero.

Loweruka tinanyamuka 8 koloko, ine mu suti, iwo mu chovala chatsopano cha mayi wa mkwatibwi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja chifukwa inkaterera pachitsulo. Galimoto yamaluwa imene anawakonzera inapita ndi azakhali. Msewu wonse ine ndinkafuula kuti "Pondani!", iwo n'kumaponda. Pa mlatho wa Lilongwe anaponda ndisananene, injini inazima, minibasi zonse kumbuyo zinayamba hutala. Kondakitala wina anafuula kuti madala, m'modzi atsike azikankha. Tinakangana pomwepo pamlatho za amene walakwa, ngati tili kuchipinda. Pokwera mtunda wopita ku Area 18 anaphunzira kumva injini okha, moti ndisanatsegule pakamwa giya inali italowa kale.

Tinafika 9:20, mochedwa ndi mphindi makumi awiri. Anthu onse anali panja pa tchalitchi. Akuchimuna aja amene anandiwombera m'manja anaona munthu wodzitama uja akufika mkazi atamugwira m'chiuno, phazi lopanda nsapato lili lakuda ndi mafuta. Wina anakhosomola kuti abise kuseka. Ndinachita manyazi oti ndikanalowa pansi. Koma Tiwonge anatsika m'galimoto ndi velo yake, anatiyang'ana tonse awiri, anaseka mpaka misozi, ndipo amayi a mvano anayamba nthungululu. NyaGondwe anavala nsapato yawo modekha n'kundipatsira ndodo.

Patapita milungu ingapo, munthu wina wodziwa zamagetsi ku Kanengo anaiyang'ana njingayo. Sanathe mphindi zisanu. Anandionetsa mutu wa batire utachita dzimbiri lobiriwira, nati moto sunkafika mokwanira kwa kamota kaja, vuto lonse linali limenelo. Kupala ndi mpeni kukanakwana. Kamota kena anati sikapezeka m'dziko muno.

Ndiye a Injiniya, ngati mukadali moyo, ndili ndi mafunso. Munayamba mwayang'ana batire musanatenge pulayala? Munaona njinga yopanda kilachi, yopanda giya ya phazi, simunadzifunse kuti mwini wake anaisankhiranji? Nanga waipa ya minibasi ija inkapukuta bwino? Ndipo inu nonse opita kwa amakaniko, musamanene kuti "chitani chilichonse." Adzachitadi. Tsikani, akuoneni mmene mulili, manyazi musiye kunyumba.

Zaka khumi ndi chimodzi zotsatira sindinayende ulendo uliwonse popanda NyaGondwe. Kukagula nsalu kwa amwenye, kutchalitchi, kuchipatala, kukaona mdzukulu woyamba. Tinakangana pa mphambano iliyonse ya mu Lilongwe. Chitsulo chofiira chija penti inatha, chinasalala ndi phazi lawo.

Anamwalira nthawi ya mvula. Njinga ili kuseri kwa nyumba, ndinaifunditsa lona, injini yake ndi yabwinobwino. Ana akuti masiku ano kamota koteroko angathe kukaitanitsa ku Joni, abwezeretse mabatani ndiziyendanso. Ndawakaniza. A Injiniya, ndinakutukwanani zaka zonsezi ndipo sindinasiye, ntchito yanu inali yoipa. Koma chitsulo chanucho palibe amene achichotsepo ine ndili moyo.