Mkamwini ndi Foloko Yogwedera

Twahir Bwanali amakonza njinga mu Old Town, m'shedi ya malata kuseri kwa msika. Shediyo si yake. Ndi ya apongozi ake, Che Sumaila, ndipo kanyumba komwe amagona ndi mkazi wake Nasima pamodzi ndi ana awo atatu kali pa puloti ya apongozi omwewo. Adachoka kwawo ku Ntaja akunena kuti akhala chaka chimodzi chokha, apeze poyambira. Zaka zatha khumi ndi zitatu, poyambirapo sipanaoneke.

Che Sumaila adakalambira pa njinga za kabaza, zija zimene foloko yake, chitsulo chogwira gudumu lakutsogolo, ndi yolimba yosapindika. Njinga zamasiku ano zobwera m'makontena, za magiya ambirimbiri ndi foloko ya sipuling'i yonyonyomala ngati ya njinga yamoto, amazitcha zidole za mabwana. Amene amazidziwa bwino ndi Twahir. Koma pa shedipo pali lamulo, losalembedwa koma lodziwika: mwini shedi ndiye amatchula matenda, mkamwini amagwira sipanala. Ndipo mkamwini satsutsa apongozi, makamaka pamaso pa mlendo.

Lachinayi lina m'mwezi wa Juni, m'mawa wozizira, padaima galimoto. Adatsika a Greenwell, bambo a ku Rumphi ogwira ntchito ku Capital Hill, natsitsa njinga yobiriwira, imodzi mwa zidole za mabwana zija.

"Madala, chinthuchi chikugogoda kutsogoloku," adatero. "Ndikangogwira buleki, gu, gu. Adokotala adati ndichepetse mimba, ndiye Loweruka tikupita ndi anzanga kukatsetsereka nayo ku mapiri a ku Nkhoma. Mundikonzere lero."

Che Sumaila adaidzutsa njinga ija, kuigwetsa pansi kawiri, namvetsera.

"Ndi pakhosi apa, bwana. Pakhwepa. A Twahir, mangani."

Twahir adamanga pakhosi, pomwe foloko imalowera m'thupi la njinga. Atatha adachita zomwe amachita nthawi zonse, pakuti iye sabweza njinga asanaimve ndi chala. Adafinya buleki yakutsogolo, nayamba kuikankha njingayo kutsogolo ndi kumbuyo, chala chili pakhosi paja. Pakhosi padali zii. Koma kugogoda kudalipobe. Adakhotetsa gudumu cham'mbali kuti buleki isamunamize, nakankhanso. Gu, gu. Adayesa nati ya gudumu, yolimba. Ndiye adatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka paphewa la foloko, pomwe mwendo wakumanzere wa folokoyo udalowa. Apo padagwedera pansi pa chala chake ngati dzino lofuna kuchoka. Adapukuta fumbi ndi kansanza. Padali mng'alu woonda ngati tsitsi.

Pa msewu wosalala wa ku Area 11 njingayo ikadayenda mwezi, mwina iwiri. Pa mtsetse wa miyala, ndi thupi la a Greenwell, mwendo uja ukadathyoka, munthu n'kutsogoza nkhope pansi.

Koma anene bwanji? Adayesapo kamodzi, zaka zinayi zapitazo, pa nkhani ya tcheni chabe. Che Sumaila adakhala mwezi wathunthu osamulankhula, mawu onse akudzera mwa Nasima. Kenaka apongozi aakazi adafunsa, moseka koma osaseka, ngati ku Ntaja minda idatha. Nasima adalira masiku atatu. Kuyambira pamenepo Twahir adaphunzira kumeza malovu.

"Mwatha, akamwini?" adafunsa Che Sumaila. "Bwanawa akudikiridwa ku boma."

"Boma silithawa, madala," adaseka a Greenwell. "Limangochedwa."

Twahir adaganiza zowatsatira a Greenwell ku galimoto n'kuwanong'oneza. Koma shedi ndi galimoto zidatalikirana mapazi asanu okha, ndipo Che Sumaila, ngakhale maso adayamba kufooka, makutu ali nawo. Adaganiza zongokhala chete, poti matendawo sadatchule ndi iye. Chala chake chidakana kuchoka pa mng'alu paja.

"Baba," adatero, maso ali pansi, "dzanja langali lachita dzanzi ndi mphepoyi. Sindikumva bwino ngati ndamanga mokwanira. Mwina mukadandimverera inuyo."

Che Sumaila adadzuka mong'ung'udza, naika chala pakhosi.

"Cham'munsiko pang'ono, Baba, kuti handulo ingakupaneni."

Sakadagwira dzanja la apongozi ake kulitsogolera, choncho adaloza ndi sipanala, nsonga yake ili pafupi ndi mng'alu. Adafinya buleki, nakankha njinga ija mwamphamvu kuposa kale. Kamodzi, kawiri, katatu.

Nkhalambayo idawerama, kuyang'anitsitsa, kupalasa ndi chikhadabo. Kenaka idakweza maso n'kumuyang'ana Twahir nthawi yaitali. Twahir ankayang'ana tayala.

"Bwana," adatero Che Sumaila potsiriza, "njinga iyi musaikwere, ngakhale kukagula buledi. Foloko yang'aluka. Ine ndidaona kale muja mumaitsitsa, koma ndimafuna ndione ngati akamwini angawa aona. Mwaona nokha. Angomanga pomwe awuzidwa, basi. Akadakuphani awa."

A Greenwell adavala magalasi, nawerama, napukusa mutu.

"Koma madala muli ndi diso. Ndikadafera kuchepetsa mimba." Adatulutsa foni. "Ndipatseni nambala yanu, anzanga onse azibwera kuno." Kenaka adatembenukira kwa Twahir. "Achimwene, muziphunzira kwa akuluwa adakali moyo."

"Ndikuphunzira, bwana," adayankha Twahir.

Galimoto itapita, njinga itatsala pa shedi kudikira foloko ina, Che Sumaila adabwerera pa benchi yawo. Ngati adakwiya kapena adathokoza, Twahir sadadziwe. Zidali zoti zidziwike madzulo, pa nkhope ya Nasima. Twahir adamasula foloko ija, naiponya kuseri kwa shedi komwe munthu sangaitole n'kukaigulitsanso. Wakabaza wina adafika akukankha njinga yophwa tayala.

"Ndi chubu," adatero Che Sumaila ali chikhalire.

Twahir adapita kukatunga madzi m'beseni.