Dzanzi la m'dzanja la Esinati ndi chilolezo cha amalume

Lolemba lapitali ndinadzudzula munthu wosalakwa, ndipo ndayenera kuyamba ndi kuvomera zimenezo pamaso panu, owerenga.

Esinati ndi mayi wa ana atatu amene ndinamuphunzitsa Sitandade 7 zaka zambiri zapitazo. Lero amatayipa makalata mu ofesi ina ya zamtengatenga pafupi ndi bwalo la ndege kuno ku Chileka. Popeza sukulu imene ndimayang'anira ilibe makina otayipira, chaka chilichonse iye amatitayipira mayeso a ana pa nthawi yake yopuma, abwana ake atalola. Tsikulo anabwera nawo mayesowo mu ofesi yanga, aphunzitsi anzanga awiri ali pomwepo, nandipatsa envulopu ndi dzanja lamanzere. Lamanja analibisa m'thumba la juzi.

Sindinachedwe. "Esinati, kodi ndine ndinakuphunzitsa kupatsira akulu ndi manzere? Kapena mwambo unauluka ndi mphepo ya ndege?"

Anagwada. Kenaka anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono n'kuliika pa tebulo. Pamfundo, pamene timavala wotchi, panali mizere ya mphini, zina zakale, zina zosapola. Patsinde pa chala chachikulu, pamene munthu aliyense amakhala ndi kamnofu kotumphuka, panali pophwa.

"Pepani aphunzitsi," anatero. "Ndinaopa kuti ndikagwira ndi ili, mapepala amwazika pansi. Silimva kanthu. Makapu a kunyumba ndatha kuswa."

Mayeso onsewo anawatayipa ndi manzere, kwa masabata atatu.

Aphunzitsi aja nditawatulutsa, Esinati anandifotokozera zonse. Dzanzi linayamba zaka ziwiri zapitazo m'chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati. Limam'dzutsa kutulo, n'kumakutumula dzanja ngati wagwira moto. Kuntchito makalata ake achuluka zofufuta, ndipo abwana am'chenjeza kuti zikafika motero kumapeto kwa mwezi uno, afuna wina. Inu mukudziwa kuti chisamukire ndege zikuluzikulu ku Lilongwe, ntchito za m'maofesi kuno sizipezeka monga kale, ndipo atsikana a masatifiketi atsopano amagogoda tsiku ndi tsiku.

"Kuchipatala unapita?"

"Ndinapita ku chachikulu m'tauni. Anandilembera tsiku la opaleshoni kawiri, kawiri konse sindinapite. Andilemberanso Lachisanu likudzali. Adokotala ati chala chikapitirira kufota, sichidzabwereranso."

"Nanga chikukuletsa n'chiyani?"

"Amalume sanalole."

"Amuna ako akutinji?"

"Akuti iwo ndi mkamwini chabe. Akuti chikalakwika, adzawafunsa kuti mwana wathu unam'pereka kumpeni ndi chilolezo cha yani."

Pepala la kuchipatala limafuna dzina la Esinati yekha, pakuti ndi munthu wamkulu. Koma ndani mwa ife sadziwa kuti kwathu kuno pali pepala lina losalembedwa, limene mwini mbumba yekha ndiye amasaina?

Matendawa ali ndi dzina lalitali la Chingerezi limene sindikuvutitsani nalo. Monga adokotala anam'fotokozera Esinati, pamfundo ya dzanja pali kanjira kopapatiza kamene mumadutsa mtsempha wopereka kumva ku zala. Mkati mwa kanjirako mukatupa, mtsemphawo umapanikizika, zala n'kuchita dzanzi, kupatula kachala kakang'ono kakumapeto. Opaleshoni yake ndi yodula kamnyewa kamene kamaphimba kanjirako, kuti mtsempha upeze malo. Si yochotsa chiwalo, ndipo bala lake silifika kutalika kwa chala.

Lachitatu ndinasiya sukulu m'manja mwa wachiwiri wanga, ndinaona kuti khadi la chipani, limene amalifunsa pokwera basi, lili m'chikwama, ndipo ine ndi Esinati tinakwera basi kudzera ku Lunzu mpaka ku Lirangwe. Amalume ake, a Ngozo, anagwirapo ntchito ya njanji, tsopano ndi mlimi. Tinawapeza akuluka nkhokwe, chisanu cha mwezi uno chikuwaomba, iwo ali m'malaya okhaokha.

Moni utatha anandiyang'ana chapansipansi n'kumwetulira. "Mayi aphunzitsi, ulendo wonsewu mwabwera ndi choko kapena ndi chikwapu?"

"Ndabwera ndi dzanja la mwana wa mlongo wanu, bambo. Talionani."

Analiona, ndipo kumwetulira kuja kunatha. "Ndikulidziwa. Ndapita naye kwa asing'anga awiri, wina ku Kuntaja, wina kuseri kwa Madziabango. Pali wachitatu amene ndamva mbiri yake."

"Wachitatuyo akadzatha, chala chidzakhala chitafa, ntchito nayo itapita."

"Ntchito amaipeza ina, mayi. Munthu sam'peza wina." Anaika pansi nsungwi imene anali nayo. "Amayi ake a mwanayu ndinawasainira ndine, ndi dzanja langali. Anawagoneka, sanadzuke. Ndinapita ndi mlongo wanga, ndinabwera ndi bokosi. Mukufuna ndisainenso kachiwiri?"

Owerenga, yankho ndinali nalo. Esinati anali atandiuza m'basi kuti amayi akewo anafika kuchipatala atadwala m'mimba sabata yathunthu pakhomo. Ndikanatha kunena zimenezo. Sindinanene, chifukwa munthu wolira mlongo wake sam'tsutsa ndi masiku a pakalendala.

M'malo mwake ndinafunsa funso lina. "Mphini izi analola ndani?"

"Ndine."

"Ndiye kuti kucheka simukukana. Lumo lam'cheka kale kambirimbiri."

"Lumo ndi lina, mayi aphunzitsi. Lumo limacheka munthu akupenya. Chikam'pweteka amanena, ife tili pomwepo."

Nthawi yonseyi Esinati anali atakhala pamphasa, mutu uli pansi, monga mwana woleredwa bwino amakhalira pamaso pa amalume ake. Apa anadzutsa mutu.

"Amalume, nanenso adzandicheka ndikupenya."

"Ukuti bwanji?"

"Adokotala ati sagoneka munthu. Amabaya jakisoni padzanja pokhapo kuti pachite dzanzi. Ati ndizidzalankhula nawo, ndipo ndikhoza kubwerera kunyumba tsiku lomwelo."

A Ngozo anatembenukira kwa ine, ngati kuti ine ndiye ndinawabisira. "Nanga mkamwini uja sananene bwanji zimenezi?"

Akazi awo a Ngozo, amene anali kupeta chimanga chapatali pang'ono, ndi amene anayankha, osasiya n'komwe lichero. "Munam'lola kumaliza? Mwana wa eni atangoti opaleshoni, inu munaimirira n'kukalowa m'nyumba. Anakwera njinga tiyi wake asanamwe."

"Iwe Nachisale, ndani wakufunsa?"

"Palibe. N'chifukwa chake chaka chatha mwana akuvutika."

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira. A Ngozo anatola nsungwi ija, anaiyang'ana, anaiikanso pansi.

"Lachisanu ndidzakuperekeza ndekha," anatero. "Ndikakhala pakhomo pa chipindacho. Ukadzaona kuti akufuna kukugoneka, ukuwe dzina langa, ndidzalowa ndi nsapato zomwe."

Tsono taganizani. Chaka chathunthu chinatayika chifukwa cha mawu amodzi amene sanafike. Dokotala anauza Esinati. Esinati, posafuna kuyankhula nkhani yaikulu pamaso pa amalume, anatuma mwamuna wake. Mwamunayo, pokhala mkamwini, anayamba ndi mawu olemera kwambiri, ndipo atakanidwa sanalimbe mtima kubwereranso. Aliyense anasunga mwambo. Palibe anachita chipongwe. Koma chala chinali kufota.

Ine sindili m'gulu la amene amati mwambo wa mwini mbumba unatha ntchito. Ndi mwambo wabwino, wotetezera mkazi kuti asasowe womulankhulira. A Ngozo sanakane chifukwa cha nkhanza, anakana chifukwa cha chikondi chosakanikirana ndi mantha. Chimene ndikutsutsa ndi chizolowezi chathu chotumizirana nkhani za matenda monga timatumizirana nkhani za ukwati, kudzera mwa uyu ndi uyo, mpaka chofika kwa woweruza chikhale chigoba chokhachokha. Nkhani ya thupi la munthu aziifotokoza mwini thupi, ndipo akulu azimva mpaka kumapeto asanaimirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikutsutsanso kubisa. Ndi amayi angati kuno ku Chileka, osoka, oluka, okanda ufa wa mandasi, otonola chimanga, amene amakutumula manja m'mawa uliwonse n'kumati ndi ukalamba, kapena ndi magazi ochepa, kapena wina wa kuntchito wawalodza? Amaopa kunena kuti angatchedwe aulesi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo pano pali nkhani yabwino imene ndikufuna muimvetse: si aliyense wa dzanzi lotere amafunika opaleshoni. Wofika msanga amapatsidwa kathabwa komanga ndi bandeji pogona, kuti dzanja lisapindike, ndipo ambiri amapeza bwino ndi kameneko. Ena amalangizidwa kupumitsa dzanja pakati pa ntchito, kapena kusintha kagwiridwe ka chida. Ena amabayidwa jakisoni wochepetsa kutupa, ngakhale kuti nthawi zina dzanzi limabwerera pakapita miyezi. Amayi oyembekezera kawirikawiri limawatha lokha akachira. Palinso ena amene dzanzi lawo limachokera ku matenda ena, monga a shuga, ndipo kuyezedwa kumaulula zimenezo. Kuthowa ndi madzi ofunda sikulakwika ngati kukupatsani mpumulo. Koma mphini zimathera pakhungu, pamene vuto lili mkati, ndipo lumo limodzi logwiritsa anthu ambiri limabweretsa matenda ake. Esinati akanapita mwezi woyamba, mwina kathabwa kakanam'kwanira. Anafika pamene panatsala njira imodzi yokha.

Lachisanu sindinathe kupita nawo, pakuti ana anali kulemba mayeso. Loweruka m'mawa ndinakamuona Esinati kunyumba kwake. Ndinam'peza pakhonde, dzanja lili m'bandeji yoyera, alikweza pa pilo monga anam'langizira. A Ngozo anali pampando, atavala jekete ndi tayi, akufotokozera anansi ngati kuti opaleshoniyo anachita ndi iwo.

"Mayi aphunzitsi, ndinamva ndi makutu angawa!" anatero ndisanakhale n'komwe. "Akum'cheka mkatimo, iye akuseka ndi anamwino. Ndisanathe n'komwe nthochi zanga ndinangoona akutuluka, akuyenda yekha. Ndinawafunsa kuti mwayamba kale? Akuti tatha, agogo."

Esinati anandionetsa nsonga za zala zikugwedera kunja kwa bandeji. Bala likupweteka, ndipo sanabise. Koma anati kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anagona mpaka tambala, dzanzi osam'dzutsa. Ulusi akachotsa pakatha masabata awiri. Adokotala anam'uza mosabisa kuti mphamvu ya chala chachikulu idzabwerera pang'onopang'ono, kwa miyezi, ndipo mwina yosakwanira yonse chifukwa cha kuchedwa kuja, koma kutayipa adzatayipa. Kalata ya kuchipatala mwamuna wake anakaipereka ku ofesi Lachisanu lomwelo. Abwana atawerenga anadabwa kuti mayiyu anadwala nthawi yonseyi osanena, ndipo anati mpando wake um'dikira.

Ndikunyamuka, a Ngozo anandiperekeza mpaka pamsewu. Kumeneko, anthu atatalikira, anatsitsa mawu.

"Pali mdzukulu wanga wina ku Lirangwe, wosoka pa makina. Nayenso akuti zala zikumuchita dzanzi. Ndinali nditam'konzera ulendo wa kwa sing'anga wachitatu uja." Anakhosomola. "Kathabwa kaja ananena anamwino dzulo, amapereka tsiku lanji?"

Inu eni mbumba amene mukuwerenga, kapena amene ana akukuwerengerani: pakhomo panu pali yani amene anayamba kukuuzani za matenda ake, inu n'kuimirira asanamalize?