Mpando wa Amayi Sabela

Che Swaleh Mdala anabadwira ku Namwera ndipo anakalambira pa chiwongolero. Anayendetsa minibasi pakati pa Mangochi ndi Liwonde zaka khumi ndi ziwiri, kenako mu 2014 anabwera ku Doha kudzayendetsa galimoto ya a Brais, injiniya wochokera ku Galicia m'dziko la Spain, amene ankakhala m'dera la Al Hilal mumzindawo. Msana unkawawa, maso ankafuna magalasi, koma anali asanakanepo chilichonse chimene bwana wawatuma. Masiku amenewo munthu sankasintha ntchito popanda kalata ya bwana wake.

Mayi a bwanayo, Amayi Sabela, anabwera kudzacheza mliri wa korona uli pafupi. Ndege zinaima, matenda anawapeza, ndipo anaikidwa kumanda a Akhristu ku Dukhan, m'chipululu.

Patatha chaka, lamulo la ntchito litasintha, Che Swaleh anapeza malo pa hotela ina. Notisi itatsala masiku awiri, a Brais anawaitanira pakhonde.

"Kwathu kuli katchalitchi pamwamba pa phompho, ka San Andrés de Teixido," anatero a Brais. "Makolo amati amene sanapiteko ali moyo amapitako atafa, atasanduka buluzi kapena chule, n'kumakwawa njira yonse. Amayi sanapiteko. Koma mzimu umatheka kuuperekeza. Timakautenga kumanda, kuugulira mpando, n'kumauuza paliponse tikudutsa kuti usasochere. Tikiti yawo ya ndege ndagula. Koma maina a misewu ya kuno sindiwadziwa. Muzikawauza ndinu."

Overton, mlonda wa pageti wochokera ku Ntcheu, atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Che Swaleh, mwakwezedwatu pantchito! Dalaivala wa mizukwa! Nanga pa eyapoti akawayeza korona m'mphuno iti?"

"Usaseke, Overton. Wallahi, kucheza ndi akufa si za Chisilamu. Galimoto ndiyendetsa, koma pakamwa nditseka. Pano bwana sangandichite kanthu."

M'mawa mwake anafika ku Dukhan dzuwa litayamba kale kuwotcha. A Brais anaima pamanda, n'kuitana mayi awo katatu m'chilankhulo chawo. Atabwerera anatsegula chitseko chakutsogolo, anadikira pang'ono, anamangira lamba pampando wopanda munthu, iwo n'kukakhala kumbuyo.

"Amayi, apa tikudutsa... tikudutsa mchenga," anayesa a Brais.

Anayenda mtunda wautali ali zii. Che Swaleh ankangoyang'ana msewu. Zaka zisanu ndi ziwiri anadikira tsiku lokana, ndipo linali litafika, koma silinkakoma monga ankaganizira. Pagalasi ankaona bambo waimvi, masiki atanyowa, akuyang'ana zikwangwani zimene zinkadutsa asanathe kuziwerenga.

Chakufupi ndi Shahaniya, lole yonyamula ngamila inalowa mumsewu mosayang'ana. Che Swaleh anaponda mabuleki, ndipo dzanja lawo lamanja linatambasuka lokha kutchinga mpando uja.

"Pepani, amayi."

Mawuwo anali atatuluka kale. Anapumira m'mwamba, n'kubweza dzanja pa chiwongolero.

"Apa ndi pa Shahaniya, amayi, pamene amathamangitsa ngamila. Kutsogoloku tikhotera kumanja."

Anawauza za mlatho uliwonse, za bwalo la mpira limene linali litangomangidwa, za marobhoti ochedwa kutsegula. Ankayankhula motsitsa, monga ankachitira ndi agogo odwala mu minibasi ya ku Liwonde, mpaka pa eyapoti. Anatsika, anazungulira galimoto, n'kutsegula chitseko chakutsogolo.

A Brais anawagwira dzanja, akufuna kunena zambiri.

"Yalla, tiyeni bwana, muchedwa," anatero Che Swaleh.

Masana amenewo anaimika galimoto pamzikiti wa ku Al Hilal, anatawaza, n'kuswali. Anapempha chikhululukiro, ngakhale sankadziwa bwinobwino ngati analakwa. Sanafunse shehe aliyense, kuopa yankho.