Aroma a Asewere Anga

Ine ndine wa Aroma. Ndinabadwa wa Aroma, ndinabatizidwa wa Aroma ku Balaka ndili kakhanda, ndi wansembe wa ku Italiya amene Chichewa chake chinkamveka ngati akuyimba. Kwathu ukati Aroma, aliyense amadziwa kuti ukunena mpingo, wa korona ndi Misa. Mawu amenewa ndinakwera nawo ndege, eee, ndinawoloka nawo nyanja yaikulu, kudzatera nawo ku Perth kuno pamene mwana wanga wamkazi anali pafupi kuchira.

Mwana wangayo ndi namwino, amagwira ku chipatala chachikulu cha ku Nedlands. Anakwatiwa ndi mzungu wofatsa wogwira ku migodi, amene amapita pa ndege n'kukakhala masabata awiri. Bambo ake a mkamwini wangayo ndiwo asewere anga, nkhalamba yaifupi ya manja ngati makasu. Akazi awo anatisiya kale. Asewerewo anabwera kuno pa sitima ya pamadzi ali kamwana, kuchokera kumunsi kwa Italiya. Kuseri kwa nyumba yawo, abale inu, kuli mitengo ya m'Baibulo! Mkuyu ulipo, mphesa zilipo, azitona alipo. Tsiku loyamba ndinaima pamenepo n'kuganiza kuti ndafa, ndafika kale.

Tsiku lomwelo anandilozera chithunzi pabalaza, chinyumba chozungulira chogumuka mbali imodzi, mazenera mbwee. Anadzimenya pachifuwa: "Roman!" Mtima wanga unadumpha. Nane ndinadzimenya pachifuwa: "Roman!" Ndinatulutsa korona m'chikwama, tinagwirana manja, kuseka, kuseka. Chizungu changa n'chochepa, chawonso n'chopindika, ndiye liwu limodzi lomwelo linatikwanira miyezi. Ine ndinkati chinyumba chija ndi tchalitchi chawo chakale chimene chinagwa ndi mvula.

Mwana anabadwa, wamwamuna, amuna anga aang'ono a tsitsi lofewa ngati ndevu za chimanga. Ubatizo tinauika pa Lamulungu lina la mu Febuluwale.

Pa Khirisimasi ana anawagulira asewere mphatso, kabotolo. Ati alavuliremo, atumize, anthu a makina awauze kumene magazi awo anachokera. Ndinawaona akulavula, nkhope ili gwa ngati akusayina kalata ya kuboma. Pobwerera ku Joondalup kumene timakhala, ndinafunsa mwana wanga.

"Kodi akufuna kudziwa chiyani?"

"Ngati alidi a Aroma, amayi."

"Ndi malovu? Kalata ya ubatizo anataya?"

Anaseka mpaka kuimika galimoto pambali. "Ayi amayi, si Aroma athu. Aroma akalekale, eni mzinda wa Roma, asilikali a zisoti zachitsulo aja."

"Aja anapachika Ambuye?"

"Omwewo."

"Ndiye munthu n'kumadzimenya nazo pachifuwa?"

"Amayi, please, zimenezo musakanene kwawo."

Yankho linabwera pa foni, mapu a mitundumitundu ngati chitenje. Apa Italiya, apa dziko la Agiriki, apa kwa Aluya, apa pamwamba pa Afirika. Liwu loti Roma silinalembedwe paliponse. Asewere anazimitsa foni. Anasiya kubwera kudzaona mwana. Sabata ya ubatizo anauza mkamwini wanga, ali ku mgodi, kuti Lamulungu sabwera, alibe choti apatse mdzukulu.

Ine nditamva ndinayamba kuseka, mwana wanga anandigwira mkono. Anandiuza zimene mwamuna wake anamuuza. Pa sitima ya pamadzi paja, bambo awo a asewere anawagwira mapewa n'kunena kuti kumene tikupitaku akakutukwana, koma iwe uzikumbukira kuti ndiwe Mroma. Ndipo anawatukwanadi. Kusukulu ana ankawaseka chakudya, ankawaseka malankhulidwe, iwo n'kumagwira liwu limodzi lija ngati ndodo. Ndodo imeneyo ndiyo ankafuna kusiyira mdzukulu.

Kuseka kunandithera. Mwana abatizidwe agogo ake aamuna ali moyo, ali mumzinda womwewo, atakhala okha pansi pa mtengo? Ayi. Kwathu zimenezo sizichitika.

Lachisanu m'mawa ndinabereka amuna anga kumbuyo, ndinati mwana wanga, tenga makiyi, ukhala pakamwa panga. Tinawapeza pansi pa mkuyu, pa mpando wa pulasitiki, ndevu zosameta. Matimati awo anali atapsa mpaka kung'aluka, mbalame zikudya ukwati.

"Uwauze kuti ndabwera kudzawerenga anthu anga," ndinatero.

Ndinayamba ndi chala chachikulu. Agogo anga aamuna anali Mngoni, wovina ngoma mpaka nthaka kunjenjemera. Koma mayi awo Angoni anachita kuwatola panjira ali kamtsikana, ndipo palibe anadziwa mtundu wawo. Chala chachiwiri, agogo anga aakazi, Mlomwe, anayenda pansi kuchokera ku Mozambiki, mphika pamutu, mwana kumbuyo. Chala chachitatu, amayi ondibala, Mchewa. Chachinayi, kuli Myao wina kumeneko amene akuluakulu ankamutchula monong'ona.

"Uwauze kuti ine ndikanalavulira m'botolo lawolo, likanaphulika."

Mwana wanga anamasulira. Masharubu a asewere anagwedezeka pang'ono, pang'ono pokha.

Kenako mwana wanga anawonjezera zake, zimene anawerenga. Anati mapu aja sangalembe Roma, chifukwa Aroma akalewo sanali a magazi amodzi. Mzindawo utakula, anthu ankabwera m'ngalawa kuchokera kwa Agiriki, kum'mawa, ku Afirika, ena amalonda, ena asilikali, ena akapolo. Ankalankhula Chizungu, kenako n'kundibwerezera m'Chichewa. Mphepo ya kunyanja inali itayamba, ija imabwera masana kudzatonthoza mzinda uno. Masamba a mkuyu ankagwedera, mwana akupuma pamsana panga, ine maso anayamba kulemera. Ndinauona mzinda wa Roma. Ndinauona ngati siteshoni ya Balaka nthawi imene sitima inkabwera yodzaza, anthu akutsika ndi mitolo, akutsika, akutsika osatha. Mayi wina wakuda ngati ine, mtsuko pamutu, akufunsa njira ya kuchitsime. Bambo wa mkanjo wautali akugulitsa nsalu. Mtsikana wolira, chingwe m'manja, amene zidzukulu zake zidzamanga nyumba ya miyala. Madzulo utsi ukukwera nyumba zonse, aliyense akuphika zakwawo, ana akusewera pamodzi m'fumbi, ndipo ana onsewo akuitanidwa dzina limodzi.

Ndinatsegula maso. Ndinati foni ija ayatse. Ndinaika chala pamwamba pa Afirika pamene panali kamtundu kachikasu.

"Asewere! Nthawi yonseyi mumabisa kuti ndinu akwathu? Ndiye ana athuwa ndi asuweni! Uwauze kuti kwathu ukwati wa pachisuweni ndi umene umalimba."

"Amayi, kumeneko ndi kutali ndi Malawi."

"Iwe masulira, sindinakutume za mtunda."

Anamasulira. Kenako asewere anayankhula, mwana wanga akundipatsira. Anati ndiye bambo anga anandinamiza kapena ayi? Ndinati sanakunamizeni, anangokuuzani dzina la mudzi, sanakuwerengereni anthu a m'mudzimo. Ndinamasula nsalu, ndinawaika mwana pamiyendo, osapempha. Ndinati uyu nayenso adzam'seka kusukulu, ena adzati ndi woyera kwambiri, ena adzati ndi wakuda kwambiri. Adzafunika agogo odziwa mmene zimawawira.

Asewere anakhala akuyang'ana kaphazi ka mwana, akukapima ndi chala chawo chachikulu. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha. Podzuka anandipatsa ndowa, anandilozera matimati, n'kuyamba kukalipira mwana wanga kuti bwanji palibe anawauza nthawi ya Misa, bwanji suti yawo palibe anaisita.

Lamulungu asewere anafika kutchalitchi ife tisanafike. Anaima kutsogolo, ndevu atameta, kolala ikuwatsamwitsa. Madzi atagwera pamutu pa mwana, amuna anga analira ndi mawu aakulu, ine zinandikanika kudzigwira. Ndinayimba nthungululu, tchalitchi chonse chinatembenuka, wansembe anatsala pang'ono kugwetsa buku. Amayi a kwathu amene anali kumbuyo anandilandira, lulululu! Ndiye ndinamva pambali panga china chake ngati mbuzi yokodwa m'mpanda. Asewere anga, dzanja pakamwa, misozi ili chuchuchu, akuyesera nawo nthungululu.