Timatumba ta Zitenje za Malemu

Ndinakwatiwa ku Nkhamanga mu Juni, ndi mphunzitsi amene mkazi wake anali atamwalira n'kumusiyira mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo Chitumbuka changa nthawi imeneyo chinkathera pa "yewo". Mwanayo ankanditchula anti. Ndikamufunsa kanthu ankayankha ndi mutu. Amayi ake aakulu, mkulu wake wa malemu, anali atatumiza kale mawu kuti akabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi adzamutenga akakhale naye ku Hewe, poti mwana wa mng'ono wawo sangaleredwe ndi mlendo. Amuna anga sakonda mikangano, anangoti mwana adzasankha yekha. Mawu amenewo anandidetsa nkhawa, chifukwa mwana wosandiyankhulayo ndinali nditamukonda kale.

Kalendala ya Adiventi ndinaiona koyamba mu shopu ina ku Mzuzu. Inali katoni ya timazenera makumi awiri ndi tinayi, kuseri kwa kalikonse kuli kachokoleti, kuti mwana azitsegula kamodzi pa tsiku mpaka Khirisimasi. Mtengo ndinauwerenga kawiri, n'kuibweza pa shelefu mwaulemu. Mu minibasi ndinaganiza zosoka yangayanga ya nsalu, yoti tizipachika chaka ndi chaka, ngakhale sindinkadziwa ngati mwanayo adzafika nafe mu Januwale.

Ndinachapa thumba la feteleza kuti likhale kumbuyo kwake. Nsalu ya timatumba ndi imene inasowa. Pamwamba pa wodilopu panali jumbo yakuda ya fumbi lokhalokha, m'kati mwake zitenje zinayi zakutha. Sindinafunse munthu. Ndinazidula, n'kusoka timatumba makumi awiri ndi tinayi, manambala ndinalemba ndi penti.

Zoikamo zinandizunguza mutu. Maswiti ndinayesa kamodzi, nyerere zinafika mwini wake asanafike. Ndiye ndinayamba kuika mtedza wokazinga, mikanda ya m'tsitsi, labala, pensulo yodula pakati kuti ikwane, tsiku lina kavesi kolemba papepala. Ndinkaika m'mawa iye akusamba. Tsiku loyamba anaima nthawi yaitali patsogolo pa kalendalayo, kenako anasisita kathumbako ndi chala, n'kutenga kanthu kake.

Amuna anga anali ku maphunziro ku boma, anabwera pa tsiku lachitatu. Atangoiona kalendalayo anakhala pansi chikwama chili kumsana.

"Amayi, nsalu izi mwazitenga kuti?"

Ndinawauza. Anagwira pamphumi. Anati zovala za malemu zinagawidwa kwa abale maliro atatha, koma zitenje zinayizo zinali gawo la mkulu wa malemu uja, zinkadikira kuti adzalandire ndi manja ake. Mwambo umenewu ngakhale kwathu uliko. Ndikanangofunsa basi. Ndinali nditaduladula katundu wa mayi yemwe uja amene ankafuna chifukwa chondilanda mwana.

Ndinafuna kuitsitsa pompo, koma amuna anga anati, "Isiyeni, mwana waiona kale."

Masabata atatu amenewo sindinadye bwino. Njinga yamoto ikaima kumsewu, ndinkayesa kuti amayi aakulu aja afika. Ndinazungulira msika wa Bolero kufuna zitenje zofanana nazo, amayi ogulitsa n'kumandiseka kuti maluwa amenewo anatha kalekale. Mwanayo ankangotenga kanthu kake m'mawa uliwonse, ndipo sindinkadziwa ngati akusangalala kapena akundisungira mlandu.

Amayi aakuluwo anafika pa 21, mvula itangokata. Ndinawagwadira kuwapatsa moni, anayankha maso ali kukhoma. Anadzuka, n'kuyamba kugwira timatumbato kamodzikamodzi.

"Mwachita bwino chomene," anatero, mawu ali ozizira. "Mwalowa m'nyumba mwake, mwamalizanso ndi zovala zake."

Ndinapepesa. Amuna anga anayamba kufotokoza, koma amayi aakuluwo anakweza dzanja. Anaitana mwana n'kumuuza kuti alongedze, mawa m'mawa ulendo wa ku Hewe.

Mwanayo analoza kukhoma. "Kwatsala titatu."

"Tiyitenga," anatero amayi aakuluwo. "Ndi nsalu zanga zomwe."

Mwanayo anakanda mwendo ndi chala cha phazi linalo. Kenako anafunsa, m'Chichewa kuti nanenso ndimve, "Nanga kumeneko aziikamo ndani? Amaika ndi anti, ine ndikamasamba."

Anapitiriza kuti kathumba kabuluuko ndi ka chitenje chimene amayi ake ankavala ku tchalitchi, kofiirako ankamuberekera, ndipo m'jumbo muja sankaziona. Aka kanali koyamba kumumva akuyankhula mawu ambiri chonchi, ndipo ndinachita mantha kuti ndilira pamaso pa alendo.

Amayi aakuluwo anakhala pansi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Patapita nthawi anandipempha sizasi. Ndinawapatsa ndikuganiza kuti aing'amba yonse. Anasankha kathumba kamodzi, ka pa 11, ka chitenje chachikasu chimene anati anagula limodzi ndi mng'ono wawo. Anakamasula bwinobwino ulusi ndi ulusi, n'kukapinda m'chikwama mwawo. Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti timagwirizana kwenikweni mpaka pano. Koma ku Hewe anapita okha.

Kalendalayo timaipachikabe, ndipo pamalo pa 11 pamaoneka thumba la feteleza. Chaka chotsatira ndinafuna kusokapo kena, mwanayo anakana. Tsiku limenelo likafika amabwera kukhitchini, n'kunditambasulira dzanja, ndipo kanthu kake ndimamuikira m'manja.