Mmene Ndinaphera Zuze Papepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalemba buku langa loyamba, ndipo kuti musavutike kufunsa, ndi lomwelonso lomaliza. Ena amasiya kulemba chifukwa chosowa owerenga. Ine ndinasiya chifukwa anthu anawerenga.

Nkhondo ya Apwitikizi inali itangotha kumene. Ife tinali titabwerera ku Zobue kuchokera tsidya la Malawi, kumene tinathawira ine ndili wamng'ono. Bambo sanakhalitse, anatsikira ku Moatize kukakumba malasha, n'kutisiya ine ndi amayi m'kanyumba kaudzu pafupi ndi msewu waukulu. Akuluakulu ankati tabwerera kwathu, koma ine ndinkaona ngati tafika kwa eni. Kusikola zonse zinali m'Chipwitikizi, ndipo ine Chipwitikizicho ndinkangochimva ngati mvula padenga. Mphunzitsi anandifunsa funso limodzi, ine n'kumwetulira, iye n'kundikhazika pamodzi ndi tiana tamamina. Anzanga amsinkhu wanga ankanditcha Mmalawi. Mpira wansanza ukagubudukira kwa ine ankathamanga kudzautola ndisanaukhudze, ngati ndiupatsira mphere.

Munthu yekhayo amene ankandisendera kuti ndikhale anali Amake Zuze, mayi woonda wamaso ofiira ndi utsi, amene ankakazinga mtedza pamalo pomwe magalimoto ochokera ku Tete ankaima. Dzina lawo lenileni sindilidziwa mpaka lero, aliyense ankawaitanira dzina la mwana wawo. Zuze anatengedwa ndi asilikali nkhondo ili mkati. Itatha, anzake ena anabwera, iye ayi. Panalibe wonena kuti anafa, panalibenso wonena kuti anamuona. Galimoto ikaima, mayiwo ankasiya kutakasa n'kumayang'ana nkhope za otsika mmodzimmodzi. Mtedza wambiri unkapserera motero, ndipo wopsererawo ndi umene unkagwera ine. Musandiseke, ubwenzi wambiri umayambira m'mimba.

Anthu a pamsewupo anali atatopa nayo nkhani ya Zuze, koma ine makutu anga anali atsopano. Ndinamva kuti ankaimba mluzu womveka mpaka kuphiri, kuti anathamangitsapo anyani m'munda ali yekha, komanso kuti mwamuna yenseyo ankaopa chule. Ndinafika pomudziwa bwino Zuze kuposa bambo anga ondibala.

Ndinali ndi kaderno, kabuku kolembamo ka kusikola, komwe masamba ake anali oyera chifukwa za m'kalasi sindinkazimva. Ndinakatembenuza n'kuyambira kumbuyo, m'chilankhulo chathu chomwechi, monga anandiphunzitsira ku Malawi. Ndinamupatsa Zuze mfuti, ndinamuwolotsa Zambezi posambira, ndinamugwetsetsa asilikali khumi ndi chibakera chimodzi. Za chule ndinazisiya, ngwazi sichititsidwa manyazi. Amake sindinawauze. Ndinkafuna adzangomva tsiku lina kuti mwana wawo ali m'buku. Vuto linali limodzi: nkhaniyo inkakana kutha.

Pa tchuthi amayi anandituma ku Moatize kukapereka ufa ndi nyemba kwa bambo. Kwa ife ozolowera mphepo ya ku Zobue, Moatize inali ng'anjo. Fumbi la malasha linkalowa mpaka m'mano, ndipo milambe inkangoima phee ngati nayonso yatopa. Bambo ankalawirira kumgodi n'kubwera ali bii, mawu atathera pansi pa nthaka. Ndiye masana ndinkangoyendayenda, mpaka ndinamva kugogoda kwachilendo m'sitolo ya Che Amade, Msilamu wandevu zaimvi wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu. Anali ndi makina olembera omwe kalaliki wina Mpwitikizi anawasiya pochoka, ndipo ankalembera anthu makalata ndi zala ziwiri, ngati nkhuku ikujompha chimanga.

Tsiku lachitatu ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti mabuku amapangidwa bwanji. Sanandiseke. Anandiuza kuti osindikiza ali ku Beira ndi kulikulu, ndipo kumeneko kuli anthu omwe ntchito yawo ndi kuwerenga zomwe walemba n'kumazikhwatcha ndi cholembera chofiira. Anati umatumiza zolembedwa pamakina, kope lina n'kusunga wekha, kenako umadikira miyezi osadandaula. Anatinso usanatumize uzipeza munthu mmodzi wosakuopa, umuwerengere, akuuze pamene pakununkha. Mwa zonsezo ine ndinangomva za makina basi.

Anawerenga kaderno yanga akupukusa mutu ndi kuseka, kenako anati nkhani yanga ikungoyenda ngati galu wosochera, ikufunika pofikira. Malinga ndi iwo, munthu wa m'buku pamapeto umamukwatitsa kapena umamupha. Za ukwati sindinkadziwa kanthu, koma za kupha tonse tinali titamva zokwanira. Ndinakhala pathumba la mchere, ndinanyambita lapi yanga yolembera, n'kumupha Zuze. Ndinalemba kuti Zuze, mwana wa ku Zobue, anafera pansi pa mlambe m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe akuitana amayi ake. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinanyada kwabasi poona kuti ndadziliza ndekha.

Che Amade atafika pamenepo anaimitsa zala.

“Iwe mwana, Zuze ameneyu ali ndi amake enieni?”

“Ayi, ndangomupeka.”

Anandiyang'ana mokayika. Kenako anati ngati munthuyo alipo, ndisinthe dzina ndi mudzi, chifukwa pepala likachoka m'manja lilibe pakamwa ponenera kuti ndimangocheza. Ndinagwedeza mutu ngati womva. Mumtima ndinkati ndikasintha dzina, mphatsoyo ikhalanso ya Amake Zuze bwanji?

Anagogoda masiku asanu, pakakhala popanda ogula, ndipo panatuluka masamba asanu ndi anayi. Pomaliza, pofuna kundisangalatsa, anatenga chidindo cha sitolo yawo n'kudinda pansi pa tsamba lomaliza. Anati tsopano zaoneka za munthu wamkulu.

Nditabwerera ku Zobue ndinaona kuti ku Beira n'kutali, ndipo miyezi yodikira ndinalibe. Ndinaganiza zodzisindikizira ndekha. Pakhoma la kantina, sitolo yaikulu ya pamsewu, panali thabwa pomwe ankakhomapo zidziwitso za boma. M'mamawa wina ndinakhomapo masamba anga onse mondondozana, popanda dzina langa, kuopa kuti akadziwa kuti ndi za Mmalawi aziseka asanawerenge. Ndinapita kusikola chifuwa chili patsogolo.

Chimene sindinaganizire ndi osuta fodya. Masiku amenewo pepala linali losowa, ndipo la Che Amade linali lofewa bwino, lopichirira ndudu yosazima. Pofika mawa lake, Zuze wowoloka Zambezi anali atakwera kumwamba ngati utsi, asilikali khumi aja n'kumutsatira. Linatsala tsamba limodzi lokha, lomaliza, chifukwa panalibe munthu wolimba mtima kusuta pepala lachidindo. Inu ana a lero simungamvetse. Anthu athu anali atasamutsidwapo m'midzi ndi mapepala otere, ena anatengedwa nawo kuchibalo. Zilembo za makina zokhala ndi chidindo pansi zinali mawu a boma, ndipo boma silinkacheza. Chidindocho chinali chosaoneka bwino, ndiye panalibe amene anazindikira kuti boma limeneli limagulitsa mchere ndi sopo.

Bambo wina wodziwa kuwerenga analiona tsambalo, anavula chipewa, n'kulitengera kwa mchimwene wa Amake Zuze. Ine zonsezi sindinazidziwe. Ndinangopeza pamalo pawo pokazingira mtedza paja pali mafuwa atatu ndi phulusa lozizira. Ndinakhala pamenepo ndekha mpaka dzuwa kupendeka, ndikuganiza kuti mwina adwala mutu. Mawa lake amayi anga, akumanga mpango, anandiuza kuti akupita kumaliro. Anati kwabwera kalata ya boma yonena kuti Zuze anafera ku Revubwe, pansi pa mlambe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinathamanga nthawi yomweyo kukaulula. Ayi. Ndinakabisala m'munda mwa chinangwa tsiku lonse, ndikumva kulira kukubwera ndi mphepo. Ndinaganiza zotaya kaderno m'chimbudzi n'kukhala chete mpaka kalekale, pakuti dzina langa silinali papepalapo. Koma madzulo amayi anabwera ndi mawu akuti mawa akaika malaya a Zuze okulunga mumphasa, poti thupi palibe, kenako abale adzametedwa. Ndinaona kuti akangoika malayawo, Zuze ndiye wapita, ngakhale atatsika galimoto sabata yamawa.

Kutacha ndinapita, kaderno ili m'manja. Anthu anali atadzaza pabwalo, amuna uku, amayi uko, mbuzi itaphedwa kale. Ndinagwada patsogolo pa malume ake a Zuze n'kunena kuti kalata ija ndinalemba ndine. Poyamba anandithamangitsa, amvekere mwana asasewere pamaliro. Nditaumirira anaitana bambo wowerenga uja, amene anaika tsamba lachidindo pambali pa kaderno yanga n'kuyamba kutsata ndi chala. Mawu anali omwewo, mlambe womwewo, kungoti mwanga munali mofufutafufuta ndi malovu. Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Amayi anga anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo malume aja anapita pamtengo kukathyola mkwapulo wonenepa bwino.

Amake Zuze ndi amene anawaletsa. Anali atakhala pakhonde miyendo atatambasula, mphasa yokulunga ili pambali pawo. Anandikodola, ine n'kukwawira pafupi.

“Ndiye kuti sanafe?”

“Sindikudziwa, amayi.”

“Sunamuone, sunamve kwa munthu?”

“Ayi, ndinangolemba.”

Nkhope yawo inali yosalala mwachilendo, ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako anayankhula motsitsa, moti ena sanamve.

“Masiku awiri awa ndagona tulo, mwanawe. Chitengedwere Zuze ndinali ndisanagonepo chotere. Tsopano wandibwezera kumsewu.”

Anamasula mphasa ija, anatulutsa malaya, anawakutumula, anawapinda bwinobwino n'kulowa nawo m'nyumba. Anthu anabalalika akung'ung'udza, ngakhale mbuzi ija sanaisiye, anati yafa kale. Mkwapulo umene ndinaupulumuka pabwalo ndinakaupeza kunyumba, ndipo amayi anga sanaumire.

Sabata yotsatira Amake Zuze anabwerera pamalo pawo. Ndinapita kukawapatsa moni, ndipo anandiyankha mwaulemu, monga momwe ankayankhira apaulendo. Sanandithamangitse, sanandinyoze, koma sanatchulenso dzina la mwana wawo ine ndili pafupi. Ndikafika, nkhani inkangokhala ya mphepo ndi mvula. Patapita masiku ndinayamba kukhala tsidya lina la msewu, pamwala, n'kumawaona akudzuka galimoto iliyonse ikaima. Kusikola dzina langa linasintha, ndinasiya kukhala Mmalawi n'kukhala Wamaliro, ndipo sikola yomweyo sindinapite nayo patali. Kenako inabwera nkhondo ina ija yapachiweniweni, tonse tinamwazikana. Ngati Zuze anabwera kapena ayi, sindinamve.

Masiku ano ndimakhala ku Mualadze, kumene anatisamutsira eni migodi, ndipo achinyamata ena amene akulemba mabuku awo pafoni amabwera kudzandifunsa nzeru, atamva mphekesera yoti ndinalembapo buku. Ndimawalandira ngati katswiri, ndisanawauze kuti buku langa linasutidwa. Ndimawapatsa za Che Amade zomwezo, pakuti sizinakalambe: peza munthu wosakuopa akuwerengere, sunga kope lina wekha, usakwiyire cholembera chofiira, ndipo usathamangire kukhoma pakhoma chifukwa osindikiza achedwa kuyankha. Amalemba zonsezo mwachangu. Kenako ndimawafunsa kuti munthu wa m'buku mwawoyo anamutenga kuti, ndipo ambiri amayang'ana pansi, pakuti ndi azakhali awo, ndi mnansi wawo, ndi mkazi amene anawakana.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali bodza. Lero ndikuona kuti bodza ndiye ntchito yake ya wolemba nthano, ndipo palibe amene akanadandaula ndikananamizira munthu wopanda amake. Chimene ndinalakwa n'chakuti mayi uja anandipatsa mwana wake pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, chifukwa ndinali ndekha amene ndinkamvetsera, ndipo ine ndinatenga nkhaniyo n'kuitsekera mwini wake akadali nayo pamutu. Ndinamupatsa maliro osapempha, kenako ndinamulanda. Mwa ziwirizi sindidziwa mpaka pano chimene chinamupweteka kwambiri, ndipo amene akanandiuza anasiya kundiuza zinthu ndili ndi zaka khumi ndi zitatu.