Ulendo wa Chithunzi cha Wadazi ku Area 25

Ndinanyamuka ku Chinsapo kusanayere, magetsi atazima monga mwa masiku onse. Ntchito imene akomiti anandipatsa inali imodzi: kufikitsa chithunzi cha Wadazi ku Area 25. Chipani chathu chinali pafupi kuchita msonkhano waukulu wosankha munthu wodzachiimira pa chisankho cha pulezidenti, ndipo opikisana anali awiri, amene m'makwalala timangowatchula kuti Wadazi ndi Wandevu. Ife a mumzinda tinapangana kukumana pa bwalo la sukulu ina. Zithunzi ziwiri ziikidwe pa mipando, aliyense aime kumbuyo kwa nkhope imene akuifuna, ndipo mwini mzere wautali ndiye amene nthumwi zathu zikamuvotere. Mpando ukasowa chithunzi, mzere palibenso.

Chithunzicho chinali chitagona kwathu sabata yonse, pakhoma, pakati pa satifiketi yanga ya sukulu ya kwacha ndi chithunzi cha malemu mkazi wanga, NaBanda. Mafelemu atatuwo anakhoma kalipentala mmodzi. Ndinapapasa mumdima, n'kutsitsa, n'kukulunga m'nsalu ya chipani, n'kumanga ndi chingwe cha mphira.

Pa siteji kondakitala wa minibasi anayang'ana katundu wangayo.

"Madala, chitseko chimenechi chikhala pati?"

"Mwana wanga, samala pakamwa. Ameneyu ndi pulezidenti wa mawa."

"Ndiye apulezidenti alipire. Akuluakulu sakhala pamiyendo."

Ndinalipira mipando iwiri, K1,000 wanga, K1,000 wa bwana. Tisanapite patali, mayi wina wonyamula dengu la tomato anaweramira mtolowo n'kuyamba kuufotokozera za mtengo wa feteleza. Bambo wa kumbuyo anawonjezera za shuga. Titagwera m'dzenje la mumsewu, dalaivala anatembenuka n'kunena mwaulemu, "Pepani bwana, ndi msewu wanu womwewu." Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mlonda wa ku nyumba ya boma.

Ku depoti ndinafika dzuwa litatuluka. Anyamata oitanira anandilimbirana ngati ndine mkwati, wina kukoka dzanja, wina kukoka pulezidenti. Ndinagula mandasi awiri ndi thobwa, n'kudyera m'minibasi ya ku 25, imene inkalira injini ngati ikunyamuka pompo, koma inanyamuka thobwa litandiiwala kale m'mimba.

Titawoloka mlatho, lole ya anyamata a Wandevu inatipitirira, akuimba nyimbo zonyoza dazi. Ndinavula chipewa changa kuti ndiwayankhe, koma ndinakumbukira zimene zili pansi pake, ndipo ndinachibwezera.

Cha ku Area 18 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake. Nthawi zonse ndikauona mtima umandiluma. NaBanda ankakonda kundifunsa kuti, "Abambo ake Gelesi, mudzandiyendetsa liti m'tauni, ndikauone nanenso msewu umenewo?" Ine ndinkayankha kuti mwezi ukatha. Miyezi inatha yambiri, mpaka unatha wake. Ndili m'maganizo amenewo, minibasi inatsokomola kawiri n'kuima. Mafuta. Kondakitala anatsika ndi kachigubu, n'kunyamuka wapansi ngati munthu wopita kukacheza kwa apongozi.

Nthawi inali itandithera. Ndinaimika kabaza wa njinga yamoto, koma manja onse ankafunika kugwira mnyamatayo m'chiuno. Mayi wina wogulitsa nthochi anandithandiza kubereka chithunzicho kumsana ndi nsonga za nsalu yomwe ija, osachimasula. Tikudutsa pa Nsungwi, ndinamva wina akufuula, "Agogo, mwana wanuyo ndi wa makona anayi!"

Pa bwalo la sukulu ndinapeza mzere wa Wandevu utakhota kale mpaka ku zimbudzi. Mpando wathu unali wopanda kanthu, anthu athu atabalalika pansi pa mitengo ngati mbuzi za masiye. Wapampando wa msonkhanowo, Bambo Nyirenda, mkulu wa mpingo wosaseka wamba, anali akuyang'ana wotchi.

"Bambo Chimphepo, tikanawerenga popanda inu. Ikani msanga."

Ndinamasula mphira, n'kuchotsa nsalu, n'kuimika chithunzi pa mpando, n'kubwerera m'mbuyo monyadira. Kenaka kuseka kunayambira ku mzere wa Wandevu.

Pa mpandopo panali NaBanda, atavala duku lake loyera la chigwirizano, akuyang'ana khamu lonse ndi maso aja amene ankandiyang'ana nawo ndikabwera mochedwa.

"Dazi lamera duku!" anatero mnyamata wina.

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Kaliwo, oyandikana nafe nyumba. Anadzambatuka pansi pa mtengo, n'kumanga chitenje.

"Inu mukuseka chiyani? Awa ndiye timawadziwa. Anasambitsa ana athu, anaphika pa maliro athu onse. Wadaziyo anakupatsaniko mchere liti?"

Anakaima kumbuyo kwa mpandowo. Amayi a ku Chinsapo anawatsatira akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Amuna awo, poopa kukafunsidwa kunyumba, anatsatiranso. Mayi wina wa ku Mgona anachoka mu mzere wa Wandevu kudzaonera pafupi, n'kunena kuti, "Nkhope iyi siingabe," ndipo sanabwererenso. Anzake anamulondola.

Atawerenga, mzere wathu unapambana. A Wandevu anachita phokoso kuti malemu sapikisana. Bambo Nyirenda anakanda m'mutu, n'kugamula kuti mpandowo unali wa Wadazi, ndipo amene wakhalapo ndi mlendo wake. Mpaka lero Wadazi sadziwa kuti nthumwi za Lilongwe anazipeza ndi nkhope ya yani. Ine ndinaphunzirapo kuti anthu amaima kumbuyo kwa munthu amene anaimapo nawo.

Pobwerera sindinakulunge chithunzicho. Kondakitala wa ku 25 anachiyang'ana, n'kundiyang'ana.

"Madala, amayiwa alipira?"

"Alipira," ndinatero, "ndipo akhala pawindo."

Ndinawatembenuzira kunja. Titafika pa Area 18 ndinapukuta galasi ndi mkono wa jekete, n'kuwauza chapansipansi kuti, "Amake Gelesi, msewu uja ndi uwu."